Wopesa Phiri

Ine ntchito yanga ndi ya usiku.
Zingwe zokweza anthu zikaima, magetsi akayaka kumudzi kunsiko,
ndimakwera chimakina changa cha malamba achitsulo
n'kuyamba kupesa phiri.
Chipale chofewa chimene anthu achivundula tsiku lonse
ndimachiswa, ndimachipsinja, n'kuchisiya ndi timizere
ngati mutu wa mwana wopita kutchalitchi.
Zaka makumi awiri ndi zitatu kuno ku Tirolo,
alendo sanandionepo nkhope.

Lachinayi Afra anabwera ndi masikii atsopano a m'sitolo ya Gotthard,
obiriwira, pulasitiki isanachoke n'komwe.
"Awa, ababa, ngoyenda paliponse:
posalazidwa, pofewa, ngakhale m'nkhalango."
Ndinaseka. Ndinati mapanga awiri avumbwitsa, mwanawe.
Komabe ndinawagwira.
M'chiuno ngochepa, koma osati ngati a mpikisano aja;
kumutu ngotambalala, mphuno yotukula pang'ono, yonyada.
Chitsulo cha m'mbali chinandipala chikhadabo.

M'mawa mwake sindinapite kukagona.
Ndinaima pa mtengo wa paini uja unang'ambidwa ndi mphezi,
khofi akuzizira m'manja.
Anatulukira pamwamba yekhayekha, kadontho kofiira.
Anapendeka.
Mawondo kuloza phiri, chiuno chotsala pang'ono kukhudza pansi,
masikii anapindika pansi pake ngati uta
n'kuluma.
Fumbi loyera silinauluke.
Kunangomveka tseee, ngati sizasi pa nsalu yatsopano,
kenaka zii, pamene akusintha mbali,
kenaka tseee.

Pokhota pafupi ndi mlatho pali malo amene ine ndimawadziwa:
kasupe amatuluka pansi n'kuuma gwa, wabuluu,
makina anga amangopakanda pamwamba.
Pamenepo nsonga zinanjenjemera, ga-ga-ga,
michira inaterereka chikhatho chimodzi basi,
mtima wanga unaterereka kuposa apo,
kenaka zitsulo zinagwiranso.
Anandidutsa osandiona.
Mphepo yake inandipeza pambuyo.

Madzulo, akumwa supu choimirira, anati:
"Pa ayezi, a mpikisano akanagwira koposa.
Ukafuna kukhota mwachidule uyenera kuwakakamiza,
ali ndi maganizo awoawo,
amakonda uwapatse malo ndi liwiro.
Koma dzuwa litafewetsa phiri, milu itabuka paliponse,
ena akupunthwa,
ine ndimangoyandama pamwamba."
Analemba zimenezo pa kapepala ka Gotthard,
n'kupereka zisanu ndi zitatu pa khumi.
Za amene anamuyalira njirayo sanatchulepo.
Nanga amene wagona bwino amathokoza bedi?

Usiku ndinakweranso.
Nyali zanga zinapeza, m'mphepete mmene alendo sanafikemo,
mizere iwiri yotsala, yopyapyala,
yokhota limodzi, yowongoka limodzi, osakhudzana,
ngati ine ndi mayi ake zaka zomaliza zija.
Ndinazimitsa injini. Ndinatsika.
Kuzizira kunandigwira mano.
Ndinavula gulovu, ndinaika chala mu mzere umodzi:
kuya kwake kungobisa chikhadabo,
m'mbali mwake mosalala ngati modutsa mpeni m'batala.
Ndinautsatira wapansi mpaka pamene unathera
pansi pa mapazi a anthu ena.
Mwana amene ndinkamugwira ndi chingwe m'chiuno
pa kamtunda ka kuseri kwa sukulu
tsopano amalemba paphiri ndi dzanja limene ine sindinamuphunzitse.

Wayilesi inalira m'makina:
"Ignaz, watani kumeneko? Injini yafa?"
"Ayi," ndinatero, "ndimangoona kanthu."
Ndinakwera. Ndinatsitsa chipeso.
Kumbuyo kwanga phiri linabwerera kukhala pepala losalembapo.
Mawa akubwera ndi ena, ofiira,
akuti m'chiuno ngokulirapo pang'ono,
ndipo pa mlatho paja ndadutsapo kawiri.